Madzi Akutayika Pomwe Simukuona: Zoti Muchite Katswiri Wofufuza Mapaipi Asanafike Pakhomo

Bilu ya madzi ikabwera yokwera kawiri kuposa ya mwezi watha, pomwe pakhomo sipanachitike chinkhoswe kapena maliro ndipo dimba simunathirire, ambiri timathamangira kunena kuti mita yafa kapena owerenga mita analemba zawozawo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri mita imakhala ikunena zoona: penapake paipi yang'ambika pansi pa nthaka, pansi pa simenti ya pakhonde kapena m'kati mwa khoma, ndipo madzi akupita usana ndi usiku popanda wowamwa. Amene ali ndi mita ya mayunitsi amazindikira msanga, chifukwa mayunitsi omwe ankafika nawo kumapeto kwa mwezi amayamba kutha pakati pa mwezi.

Paipi yobisika chonchi simuipeza ndi khasu. Ndaonapo khonde labwinobwino litagumulidwa kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka pa bafa la panja, kenaka n'kupezeka kuti bowo linali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mango. Katswiri wofufuza madzi otayika amabwera kuti zimenezi zisachitike. Iye amamvetsera, kuyeza, ndi kukulozerani malo amodzi oti mukumbe. Koma makutu ake ndi zida zake zimadalira kwambiri zomwe apeze pakhomo panu. Akapeza madzi atasiya, wailesi ikulira, galu ali pabwalo ndipo palibe amene akudziwa komwe mapaipi anadutsa, mulipira tsiku lonse pa ntchito yomwe ikanatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Yambani ndi mita, musanayimbire aliyense

Sankhani usiku womwe madzi akutuluka bwino. Onse akasamba, mbale zikatsukidwa, tungani madzi akumwa ndi a kuchimbudzi m'zidebe, kenaka muuze aliyense wa pakhomo kuti asatsegule mpope kapena kugejemula mpaka m'mawa. Musaiwale mlonda, wantchito ndi okhala m'nyumba ya kuseri. Munthu mmodzi akangogejemula kamodzi pakati pa usiku, kuyeza konse kwasokonekera.

Pitani pa mita ndi tochi. Pukutani galasi lake ndi kansalu. Pa mita zambiri manambala akuda amawerenga makyubiki mita, ndipo kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Manambala ofiira kapena timivi tofiira timawerenga malita. Mita zina zili ndi kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi komwe kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri. Kayang'anitsitseni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngati kakuyenda pomwe mipope yonse ndi yotseka, yankho mwalipeza kale. Jambulani mitayo ndi foni kuti manambala onse aoneke, chifukwa chithunzi chimasunganso nthawi yomwe munajambula. M'mawa, aliyense asanagwire mpope, jambulaninso. Ngati mita yanu ndi ya mayunitsi, chitani chimodzimodzi ndi manambala a madzi otsala.

Tiyerekeze kuti 10 koloko usiku mita inali pa 347.215 ndipo 5 koloko m'mawa ili pa 347.635. Ndiye kuti malita 420 apita m'maola 7, kapena kuti malita 60 pa ola lililonse. Pa tsiku ndi malita 1,440, omwe ndi zidebe 72 za malita 20, ndipo pa masiku 30 ndi malita 43,200. Nambala ya pa ola imeneyi isungeni, chifukwa ndi chinthu choyamba chomwe katswiri wabwino adzakufunseni. Imamuuza ngati akusaka kabowo konga ka singano kapena paipi yomwe yaguluka polumikizira, ndipo imamuthandiza kusankha zida zoti anyamule.

Chenjezo limodzi: musayeze nthawi yomwe madzi angobwera kumene atasowa kwa maola angapo. Mapaipi amakhala atadzaza mpweya, thanki ndi giza (chotenthetsera madzi cha magetsi) zimakhala zikudzaza, ndipo mita imathamanga pa zifukwa zomwe si kudontha. Dikirani mipope isiye kutsokomola, thanki idzaze, kenaka yezani. Mukatha kubwereza kwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndiye bwino koposa.

Dziwani ngati vutolo ndi lanu kapena la a Water Board

Kaya madzi anu amachokera ku Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board, kapena ku mabodi a m'zigawo, Northern, Central ndi Southern Region, malire ake ndi mita. Paipi yochokera kumsewu kufika pa mita ndi ya bodi. Kuchokera pa mita kulowa pakhomo ndi yanu, ndipo madzi onse odutsa pa mita, omwe mwamwa ndi omwe apita pansi, amalowa mu bilu yanu.

Choncho ngati madzi akutumphuka kunja kwa mpanda, mita isanafike, musaitane katswiri wolipira. Kaneneni ku ofesi ya bodi yomwe ili pafupi. Madzi amenewo sakukwezerani bilu, koma musangowadutsa. A ku Blantyre akudziwa kuti madzi awo ambiri amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, n'kukwezedwa mtunda wautali kuti afike m'tauni. A ku Lilongwe amadalira madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, a ku Mzuzu damu la Lunyangwa, a ku Zomba la Mulunguzi. Madzi omwe ayenda ulendo wonsewo n'kutsukidwa ndi mankhwala sayenera kuthera mu ngalande, pomwe anzathu a kumtunda kwa lokeshoni akudikira ndi zidebe.

Mita yeniyeniyo musaimasule, musadule kawaya kake kotsekera, ndipo musalole pulambala aliyense kuichotsa. Ngati ikudontha polumikizira kapena mukuikayikira, auzeni eni ake abwere adzaione.

Chepetsani malo osaka

Apa ndi pomwe mungapulumutse ndalama zambiri, ndiye musathamange. Madzi ambiri omwe anthu amaganiza kuti akupita pansi pa nthaka amakhala akupita m'chimbudzi, masana dzuwa likuswa mtengo.

Chotsani chivundikiro cha kathanki ka chimbudzi chogejemula. Onani ngati madzi akwera mpaka kumalowa m'kapaipi kotayira osefukira. Ngati akutero, valavu ya kampira koyandama siikutseka. Ngati sakusefukira, thirani m'kathankimo madontho angapo a kala yophikira makeke, kapena tiyi wakuda wozizira ngati kala mulibe, ndipo dikirani mphindi 20 kapena 30 osagejemula. Mtunduwo ukaonekera m'mbale ya chimbudzi, rabala ya pansi yatha. Chitani zimenezi pa chimbudzi chilichonse, ngakhale cha alendo chomwe chimakhala chokhoma. Chimbudzi chotere sichinyowetsa khoma kapena pansi, n'chifukwa chake chimatha miyezi chikudya ndalama mwakachetechete. Kukonza kwake ndi kwa pulambala wamba, sikufuna zida zofufuzira.

Kenaka pitani pa thanki. Yang'anani kapaipi kotayira madzi osefukira ndi nthaka ya pansi pa nsanja. Ngati pamera ndere kapena pamakhala matope nthawi zonse, kampira ka mu thanki kakulephera kutseka, makamaka usiku pomwe madzi amabwera ndi mphamvu chifukwa anthu ambiri atseka mipope. Giza nayo ili ndi kapaipi kake kotulukira kunja kwa khoma kapena pansi pa denga. Kudontha pang'ono madzi akamatentha si vuto, koma kakamatulutsa madzi osalekeza, ndi vuto. Ikani chidebe pansi pake kwa ola limodzi muone kuchuluka kwake. Mpope wa panja wochapira, shawa ya m'nyumba ya kuseri, paipi yothirira kapinga, zonsezi ziyendereni. Mpope wodontha kamodzi pa sekondi iliyonse umataya malita pafupifupi 30 pa tsiku. Ndi ambiri, koma safika pa malita 1,440 a m'chitsanzo chija. Mukaphatikiza zodontha zonse zooneka n'kupeza kuti sizikukwana nambala ya pa mita, otsalawo akupita kobisika.

Tsopano gwiritsani ntchito mavalavu. Nyumba zambiri zili ndi valavu pafupi ndi mita ndi ina pomwe paipi imalowera m'nyumba. Tsekani ya pa nyumbayo, musiye ya pa mita yotsegula, kenaka kaoneni mita. Ikapitiriza kuyenda, bowo lili pakati pa mita ndi nyumba, pansi pa bwalo. Ikaima, bowo lili m'nyumba, m'khoma, m'denga kapena pansi pa simenti. Ngati pali mavalavu ena, opita ku thanki, ku giza, kudimba kapena ku nyumba za alendi, tsekani imodziimodzi ndipo nthawi iliyonse muzikaona mita. Lembani zomwe mwapeza: "nditatseka ya kudimba mita inayendabe, nditatseka ya kuseri inaima." Kapepala kameneka kakhoza kumuchotsera katswiri theka la ntchito.

Valavu yakale yomwe yakhala zaka osagwidwa musaikakamize ndi sipanala yaikulu. Ikakana ndi dzanja, isiyeni, mudzamuuze katswiri. Kuithyola madzulo, masitolo a zida atatseka, ndi kudziputira chigumula.

Nyumba yomwe imamwa madzi a mu thanki ili ndi kayezedwe kake. Tsekani valavu yolowetsa madzi mu thanki, yezani pomwe madzi alekeza ndi ndodo yoyera bwino, ikani chizindikiro, ndipo m'mawa yezaninso. Ngati atsika pomwe palibe anatunga, bowo lili pakati pa thanki ndi mipope. Kukwera nsanja kuchitike kukuwala, wina atagwira makwerero. Ngati muli ndi pampu yokankha madzi ndipo imadzuka yokha usiku n'kulira kwa kanthawi, lembani kuti imatero pakapita mphindi zingati.

Yendani pakhomo ngati mlendo

Tengani foni ndi choko, muzungulire nyumba m'mawa dzuwa lisanaumitse nthaka. Mwezi wa Okutobala, kapinga yense atauma, kachigawo kobiriwira kokha kamalankhula zambiri. Onaninso pomwe nthaka yatitimira, pomwe njerwa za pabwalo zasuntha, pomwe chiswe chamanga mwatsopano, pomwe nkhuku zimakonda kupalasa pofuna chinyezi. M'nyumba yang'anani penti yotupa kapena yosupuka m'munsi mwa khoma, chuku kuseri kwa kabati, matailosi omveka mphako mukawagogoda, siling'i ya madontho, ndi zitseko za matabwa zomwe zayamba kukana kutseka. Yendani opanda nsapato m'bafa ndi m'kolido. Mukaponda malo ofunda pa simenti yozizira, mwina paipi ya madzi otentha ndiyo yaboola, ndipo mayunitsi a ESCOM nawo akhala akutha msanga chifukwa giza ikungotenthetsa madzi opita pansi.

Zonse zomwe mwaona zijambuleni ndi kuzizunguliza ndi choko, koma musakumbe. Pomwe madzi aonekera si pomwe achokera. Amatsata mchenga womwe unayalidwa m'ngalande ya paipi, amatsata kutsetsereka kwa malo, ndipo amatha kutulukira patali ndi bowo. M'dothi la mchenga ngati la m'mbali mwa nyanja ku Salima kapena ku Mangochi, amangolowa pansi osaonekera n'komwe. M'dothi la makande, lomwe limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, nthaka yomweyo ndiyo imakoka mapaipi mpaka kuguluka polumikizira. Mukakumba nokha mumasokonezanso nthaka yomwe katswiri amafuna kumvetserapo.

Kumbukiraninso kuti si chinyezi chonse chomwe chimachokera m'paipi ya madzi abwino. Denga lodontha, madzi a mvula okhala m'mbali mwa maziko, ndi paipi ya zonyansa yopita ku dzenje, zonsezi zimanyowetsa khoma koma siziyendetsa mita. Ngati khoma limanyowa kuyambira Disembala mpaka Malichi n'kuuma m'chilimwe, kapena ngati chinyezicho chikununkha, muuzeni katswiri pa foni, chifukwa kafufuzidwe kake ndi kena.

Funsani mbiri ya mapaipi

Pulani ya nyumba, ngati ilipo, itulutseni. Koma nyumba zathu zambiri zinamangidwa pang'onopang'ono: chaka china zipinda zitatu, chaka china bafa la m'kati, kenaka nyumba ya alendi kuseri, ndipo pulambala aliyense ankalumikiza pomwe pamuyandikira. Mapu enieni ali m'mitu ya anthu. Imbirani mmisiri yemwe anamanga, mwini nyumba wakale, wosamalira maluwa yemwe wakhala pakhomopo zaka zambiri, kapena agogo omwe ankaona ngalande zikukumbidwa. Fufuzani zithunzi za nthawi yomanga zomwe zili m'foni kapena pa WhatsApp. Kenaka jambulani pa pepala: mpanda, geti, mita, nyumba, thanki, mpope uliwonse, ndi mzere wosonyeza pomwe mukuganiza kuti paipi inadutsa. Ikanipo pomwe panadutsa waya wa magetsi wa pansi, monga wopita ku geti, ku pampu kapena ku nyumba ya kuseri. Izi ndi za moyo wa munthu yemwe adzagwire piki.

Mtundu wa paipi ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Nyumba zakale zambiri zili ndi mapaipi achitsulo, omwe amachita dzimbiri kuchokera m'kati mpaka kuboola, koma ubwino wake ndi woti amanyamula phokoso la madzi otuluka mpaka patali, kotero kuti katswiri amalimva atangogunditsa chida chake pa mpope. Mapaipi apulasitiki, kaya PVC, akuda aja a HDPE kapena obiriwira a PPR, amameza phokoso, ndipo kusaka bowo lake kumafuna kumvetsera pafupipafupi kapena kugwiritsa ntchito njira ina. Suzumirani pomwe paipi ikuchoka pa mita ndi pomwe ikulowa m'khoma, mujambule, mumutumizire. Muuzeninso chilichonse chomwe chinachitika bilu isanakwere: lole ya mchenga inaponda pabwalo, anyamata analima pafupi ndi mpanda, munadzala kapena kudula mtengo, munaika matailosi atsopano, kapena wina anakhoma msomali pakhoma la bafa.

Ngati ndinu a lendi, musaitane katswiri mwini nyumba asakudziwa. Mutumizireni zithunzi za mita ndi mabilu a miyezi ingapo yapitayi, ndipo mugwirizane polemba, ngakhale pa uthenga wa pa foni, kuti wolipira kufufuza ndani, wolipira kukonza ndani, ndipo bilu yokwerayo mugawana bwanji. Pa pulotu yomwe mabanja angapo amagwiritsa ntchito mita imodzi, aitaneni onse mukhale pansi. Nkhani ya bilu yadanitsa anthu ambiri omwe ankalozana zala kuti wina amachapa kwambiri, pomwe madzi ankapita pansi pa mapazi awo onse.

Kusankha munthu ndi kupangana mtengo

Pulambala aliyense akhoza kunena kuti amapeza madzi otayika, koma si onse omwe ali ndi zida. Funsani mosabisa: "Bambo, mubwera ndi chiyani?" Yankho lomveka litchula zina mwa izi. Geji yoyezera mphamvu ya madzi, yomwe amalumikiza pa mpope kuti aone ngati paipi yotsekedwa ikusunga mphamvu. Ndodo yomvetsera kapena makina a mahedifoni omwe amayala pa nthaka ndi pa simenti. Makina a timasensa tiwiri tomwe amatiika mbali ziwiri za paipi, n'kuwerengera pomwe phokoso likuchokera poona kusiyana kwa nthawi yomwe lafika uku ndi uku. Kamera yoona kutentha, yomwe imathandiza kwambiri pa mapaipi a madzi otentha. Ena ali ndi mpweya wofufuzira, wosakaniza magawo 5 pa 100 a haidrojeni ndi 95 a naitrojeni, womwe amaupopera m'paipi yopanda madzi. Mpweyawu umatulukira pa bowo n'kukwera kudutsa m'nthaka, ndipo kachipangizo kena kamaununkhiza pamwamba. Munthu yemwe yankho lake ndi loti "tingoyamba kukumba kuchokera pa mita" ndi wokumba, osati wofufuza. Nthawi zina, ngati paipi ya pabwalo ndi yaifupi ndiponso yakale, kuyala ina yatsopano kumatsika mtengo kuposa kusaka bowo, ndipo katswiri woona mtima adzakuuzani yekha.

Funsani mapepala a maphunziro ake, monga a TEVETA, ndi anthu awiri omwe anawagwirirapo ntchito kuti muwaimbire. Mtengo muumve asanakwere galimoto. Kodi ndi wa pa ola kapena wa ntchito yonse? Thiransipoti ilimo? Akalephera kupeza, mulipira zingati? Kodi iye amangoloza malo, kapena amakumba, kukonza ndi kubwezera simenti? Anthu ambiri amakangana pomwepa, chifukwa mwini nyumba amaganiza kuti walipira zonse pomwe katswiri anatchula mtengo wofufuza wokha. Zomwe mwagwirizana azilembe. Mukalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthengawo, ndipo ndalama yonse musapereke ntchito isanachitike. Ngati nyumba ili pa inshuwalansi, aimbireni kaye eni inshuwalansiyo chilichonse chisanagumulidwe, mumve zomwe adzafune kuona.

Tsiku lake likhale la madzi, ola lake likhale la bata

Paipi yopanda madzi siilira. Ngati m'dera lanu madzi amasiya masana n'kubwera usiku, muuzeni katswiri, mupangane nthawi yomwe amakhala ndi mphamvu. Tsatiraninso zidziwitso za bodi pa wailesi kapena pa Facebook, kuti tsikulo lisagundane ndi lotseka madzi pokonza mapaipi. A mita ya mayunitsi agule okwanira, valavu isadzitseke ntchito ili pakati. A thanki aonetsetse kuti yadzaza.

Phokoso ndiye mdani wachiwiri. Chigayo cha pafupi, malo owotcherera zitsulo, jenereta ya oyandikana nawo, maminibasi a pamsewu, zonsezi zimalowa m'nthaka ndipo makina omvetsera amazikweza pamodzi ndi kulira kwa madzi. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amakonda m'bandakucha kapena usiku. Akapempha kubwera 5 koloko m'mawa musadabwe, ingomuuzani mlonda ndi oyandikana nawo kuti asaone zachilendo. Mvula yamphamvu nayo imasokoneza: imachita phokoso, imanyowetsa paliponse, ndipo zizindikiro zanu za choko zimafufutika. Ikagwa usiku wonse, muimbireni mumve ngati kuli bwino kusintha tsiku.

Dzulo lake ndi m'mawa wake

Tungani madzi okwanira tsiku lonse, ophikira, akumwa ndi a kuchimbudzi, chifukwa adzatsekedwa ndi kutsegulidwa kangapo. Lambulani pa mita: chotsani udzu, dothi ndi zinyalala, ndipo ngati ili m'kabokosi kokhoma, kiyi akhale m'thumba. Poika dzanja m'kabokosi ka pansi muyambe mwagogoda ndi ndodo, chifukwa malo a chinyezi otero amakonda njoka ndi zinkhanira. Sunthani galimoto, milu ya njerwa, nkhuni ndi miphika ya maluwa zomwe zili pamzere wa paipi. M'nyumba tulutsani zonse za m'kabati ya pansi pa sinki, kokani mipando ndi makabati kuchoka pakhoma lonyowa, pindani makapeti, ndipo ikani makwerero pafupi ndi kachitseko kolowera m'denga. Zipinda zonse zomwe muli mpope zikhale zotsegula, kuphatikizapo za alendi omwe apita kuntchito, ngati avomera kusiya makiyi. Pakhoma lonyowa musapake penti kapena kuumitsa ndi mbaula pofuna kuti paoneke bwino. Katswiri akufuna kuona chinyezicho mmene chilili.

Za giza mufunseni dzulo lake. Ngati adzagwiritsa ntchito kamera ya kutentha, adzafuna kuti ikhale yoyatsa kwa maola angapo kuti paipi yofundayo ioneke. Ngati adzakhuthula madzi m'mapaipi, izimitseni pa bolodi ya magetsi madzi asanatsekedwe, chifukwa elementi ikatentha popanda madzi imapsa. Khoma lonyowa lomwe lili ndi soketi musaligwire, ndipo zimitsani magetsi a mbali imeneyo.

M'mawa mwake mangani agalu, tsekerani nkhuku, zimitsani pampu, wailesi, makina ochapira ndi mafani. Ana apite kukasewera kwa anzawo. Pakhomo patsale munthu wamkulu yemwe angathe kuvomereza kuti apa pagumulidwe kapena ayi. Kumusiyira mwana wa sukulu kapena wantchito, inu n'kumayankha pa foni muli pamsonkhano, kumachedwetsa ntchito ndipo kumamuika munthuyo pa udindo womwe si wake.

Akafika

Mupatseni pepala lanu lija, zithunzi za mita ndi mabilu, muyende naye kamodzi kumuonetsa mavalavu ndi zizindikiro. Kenaka mupatseni mpata. Akavala mahedifoni, musamutsatire pambuyo kapena kumuyankhula, chifukwa phazi lanu pa simenti limamveka ngati ng'oma m'makutu mwake. Khalani pamthunzi, mudikire kuti akuitaneni kudzatsegula kapena kutseka mpope.

Akaloza malo, mufunseni chomwe chamutsimikizira, kuti paipi ili pansi bwanji, ndiponso kuti dzenje likhale lalikulu bwanji. Aikepo chizindikiro cha penti, inu mujambule mutayeza mtunda kuchokera pakhoma kapena pa ngodya ya nyumba. Wokumba ayambe ndi piki pamwamba pokha, akayandikira paipi agwiritse ntchito fosholo ndi manja, kuti asaboole pena.

Paipi ikakonzedwa, musalole kuti akwirire nthawi yomweyo. Atsegule madzi, polumikizapo paume, ndipo nonse mubwerere pa mita, mipope yonse ili yotseka. Kagudumu kaja kayenera kuima nji. Kakamayendabe, ngakhale pang'ono, pali bowo lachiwiri, zomwe zimachitika kawirikawiri pa mapaipi achitsulo akale, ndipo ndi bwino alisake zida zikadali pakhomo. Kakaima, jambulani paipiyo dzenje lisanakwiriridwe, ayale mchenga wopanda miyala pansi ndi pamwamba pake, ndipo mzere weniweni wa paipi muulembe pa mapu anu aja. Kachidutswa kong'ambikako kasungeni pamodzi ndi lisiti ndi lipoti la katswiri lolembedwa tsiku, malo ndi chomwe chinaonongeka. Ndi zimenezi pitani ku ofesi ya bodi mukafotokoze za bilu yokwerayo ndi kukambirana kalipiridwe kake asanabwere kudzadula madzi. Simenti ndi matailosi zidikire mpaka mutayezanso mita usiku wina wathunthu, 10 koloko ndi 5 koloko, n'kupeza manambala awiriwo ali ofanana.